Ziphuphu ndi mawanga ake: mafuta oyeretsa khungu si mankhwala

Mawu a namwino pamsonkhano wa m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia, ku Mozambique

Zikomo a mfumu potilola kukhala pabwalo lanu. Zikomo azimayi ndi azibambo. Inu achinyamata mwaima kumbuyoko, senderani kuno, nkhani ya lero ndi yanu. Musachite manyazi, senderani.

Ambiri mwamva kale za mtsikana wathu uja. Dzina sinditchula, ndipo amene mukumudziwa musamuloze chala, makolo ake ndi amene andilola kuti ndinene. Anali ndi ziphuphu monga anzake, pamphumi ndi m'masaya, ndipo zikapola zinkasiya mawanga akuda. Mnzake anamuuza za kachubu kena ka pamsika, akuti sabata imodzi yokha nkhope see. Anagula, nadzola, nkhope inayeradi. Miyezi inatha akudzola m'mawa ndi madzulo. Ndalama zitamuthera n'kusiya, nkhope yonse inabuka. Tiziphuphu ting'onoting'ono tofanana msinkhu, mpaka m'khosi ndi pachifuwa, khungu lili psuu, madzi enieniwa akakhudza kumawawa. Anafika kuchipatala atadzifunda chitenje, maso okha ali panja. Kusukulu analeka. Ena munayamba kale kunong'ona kuti am'lodza. Palibe anam'lodza mwana uja, ndi mafuta aja.

Ndiye mawu ndabwera nawo ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: mafuta oyeretsa khungu si mankhwala a ziphuphu, si mankhwala a mawanga. Musadzole.

Ziphuphu si uve ayi. Pakhungu pathu pali timabowo momwe mumatulukira ubweya ndi mafuta a thupi. Mwana akatha msinkhu, mahomoni amachulukitsa mafutawa, bowo lija limatsekeka, tizilombo ta pakhungu timaswana m'katimo, pamalopo n'kutupa. Basi, nkhani yake ndi yomweyo. Choncho amayi anzanga, lekani kumukalipira mwana kuti sasamba. Ndaona ana akudzikwecha kumaso ndi mwala wokwechera mapazi mpaka magazi chifukwa cha mawu amenewo. Nanunso azibambo, nthabwala ija yoti mnyamata wa ziphuphu akufuna mkazi ilekeni. Kugonana sikuchiritsa ziphuphu. Inu mukuseka, mwana waitenga ngati langizo, mapeto ake mimba kapena matenda, ziphuphu zili pomwepo. Mtedza nawo musaunamizire. Zimene zimakolezera ziphuphu kwa anthu ena ndi zakudya ndi zakumwa zotsekemera kwambiri, ndiponso mafuta a m'tsitsi akamatsikira pamphumi.

Tsopano mvetserani bwino pano, chifukwa pamene ana athu akusochera ndi apa. Zotsalira za ziphuphu zilipo za mitundu iwiri. Pali mawanga akuda osalala, oti ukadutsitsapo chala sumva kanthu. Ife a khungu lakuda, paliponse pamene panatupa khungu limapangapo utoto wake wochuluka. Mawanga amenewa amazimiririka okha, koma pang'onopang'ono, miyezi 6 mpaka 12, ozama kuposa pamenepo. Chimene chimawadetsa kwambiri ndi dzuwa, kufinya, ndi zopakapaka zija: mandimu, kolugeti, soda, phulusa. Wapaka ndimu kumaso n'kupita kukapalira mbatata dzuwa lili phwee, khungu lipsa, banga lija lida kuposa kale.

Mtundu wachiwiri ndi zipsera zenizeni, timaenje m'masaya, kapena zotupa zolimba zonyezimira pachibwano, pachifuwa ndi pamsana. Zimenezi palibe mafuta ogula angazichotse. Zimabwera chifukwa cha ziphuphu zikuluzikulu zopweteka zija, za m'kati mwa khungu, zikakhalitsa osalandira mankhwala kapena zikamafinyidwa. Ndipo chotupa cholimbacho musachitemere mphini, musachidule ndi lumo, chimaphuka chachikulu kuposa poyamba. Chimenecho ndi cha kuchipatala, kumene amachibaya jakisoni kuti chiphwe.

(Mayi wina akuimika dzanja.)

Eya, amayi, yankhulani.

"Zikomo anamwino. Ine mafuta mukunenawo ndimagulitsa, ndimakaoda kumalire. Anthu amayera bwinobwino, amabweranso kudzagula, palibe anadzadandaulapo. Nanga akanakhala oipa bwenzi akubweranso?"

Amayi, zikomo kwambiri, mwalimba mtima, ndipo pasapezeke wowaseka. Ndikudziwa kuti mukusaka ya sopo ndi ya makope a ana, simunafune kupweteka munthu. Zoti anthu amayera sindikutsutsani, amayeradi. Koma ndikuuzeni chimene chili m'kachubumo. Mukapita kunyumba mukawerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Mupeza mawu oti clobetasol kapena betamethasone. Amenewo ndi mankhwala amphamvu kwambiri, ifenso timawapereka kuchipatala pa matenda ena a pakhungu monga chikanga, koma kwa masiku owerengeka, ndipo kumaso timawaopa. Ntchito yake ndi kuziziritsa kutupa ndi kufinya timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake masiku atatu okha nkhope yasalala, yayera. Kuli ngati kukwirira makala ndi phulusa: pamwamba pazizira, pansi moto ulipo. Tsiku losiya ndi tsiku motowo ubuke.

Ndiye mwafunsa kuti bwanji amabweranso. Amabweranso chifukwa akasiya nkhope imawotcha ndi kutuluka ziphuphu, akadzolanso imakhala bata. Iwo amati mafutawo akuwathandiza, chonsecho khungu lagwidwa. Odandaulawo sabwera kwa inu amayi, amachita manyazi, amabwera kwa ife. Timawaona khungu litapyapyala, timitsempha tikuonekera m'masaya, mizeremizere m'mikono ndi m'ntchafu yosathanso, ubweya ukumera kumaso, chipere chitafalikira thupi lonse.

Mafuta ena muli hydroquinone. Ameneyu ukamudzola nthawi yaitali amatembenuka, amadetsa masaya pamene pamawomba dzuwa, kuda kwake kobiriwira, kovuta kwambiri kuchotsa. Mwawaonapo azimayi oyera khosi koma m'masaya muli bii? Ndi zimenezo. Ena muli mercury, mtundu wa chitsulo cha poizoni, ndipo kawirikawiri salemba n'komwe pabotolo. Mercury amalowa m'thupi, amawononga impso ndi ubongo, amafika kwa mwana ali m'mimba ngakhale woyamwa. Kuopsa kwake mpaka mayiko anasainirana pangano la Minamata mu 2013 lofuna kuthana ndi mercury, ndipo zodzoladzola zilimo m'panganolo. Ndiye pempho langa kwa inu ndi loti gulitsani sopo wamba, gulitsani zipewa za khonde lalikulu, zimenezo ine ndemwe ndidzakutumizirani ogula. Koma mafuta oyeretsa khungu si mankhwala a ziphuphu. Ndipo amene mwadzola kale miyezi yambiri, musangosiya nokha mwakachetechete n'kukhala m'nyumba mukuvutika. Bwerani ndi chubu chanucho, tikuthandizeni kusiya bwino. Sitikunyozani.

Nanga mankhwala enieni ndi ati? Alipo, koma amafuna kupirira. Odzola amene timakonda kulembera ndi benzoyl peroxide, wa 2.5 kapena 5 peresenti. Pakani pang'ono, mopyapyala, pamalo ponse pamene pamatuluka ziphuphu. Masiku oyamba khungu limauma, limafundula, limanyerenyetsa. Zikatero dumphitsani tsiku, koma musataye. Amasuwitsanso nsalu, ndiye mukasambe m'manja musanagwire chitenje chanu cha kutchalitchi. Kusintha mudzakuona pakatha masabata 6 mpaka 8. Mavuto anu achinyamata ndi amenewo, masiku asanu okha mwati sakugwira, mwathamangira kumsika. Ayi ana anga, dikirani.

Ziphuphu zikakula timawonjezera makapisozi a doxycycline, pafupifupi miyezi 3. Imwani ndi madzi odzadza kapu, ndipo musagone nthawi yomweyo, papite mphindi 30, kupanda kutero amawotcha pammero. Amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Woyembekezera asamwe. Ndipo musamagule makapisozi awiriawiri pa benchi, mukungolimbitsa tizilombo.

Ziphuphu zikuluzikulu zosiya maenje zija zili ndi mankhwala ake, isotretinoin, olemba ndi dokotala wa khungu yekha. Ife timakulemberani kalata, mupite ku chipatala cha Ulongwe, iwo akaona kuti n'koyenera akutumizani ku chipatala chachikulu ku Tete. Amagwira ntchito kwambiri, koma ndi olemetsa. Amamwedwa miyezi ingapo, milomo imathetheka, m'maso ndi m'mphuno mumauma, poyamba ziphuphu zimatha kuwonjezeka. Vaselini pamilomo amathandiza. Koma atsikana, imvani ichi: mankhwala amenewa amapundula mwana m'mimba koopsa. Womwa asatenge mimba nthawi yonseyo mpaka mwezi wathunthu atamaliza. Sagawana ndi mnzako, sapereka magazi, samwera pamodzi ndi doxycycline. Makolo, mwana ali pa mankhwalawa, kapena amene ziphuphu zamutsekera m'nyumba, muzicheza naye. Mukaona wangoti ndwii, sakudya, akuyankhula zotaya mtima, bwerani naye tsiku lomwelo.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ng'ombe zikudikira, ndithamange. Kumaso sambani kawiri patsiku, sopo wamba, ndi manja, chinkhupule ayi. Musafinye. Kumunda valani chipewa. Mafuta olemera a nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi pakani m'miyendo ndi m'mikono, pa ziphuphu ayi. Ngati ziphuphu zayamba mutabayitsa jakisoni wolera kapena mutaikitsa ka pamkono, dzatiuzeni tione njira ina, musangosiya kulera. Amene muli pa mankhwala a TB, nawonso nthawi zina amatulutsa tiziphuphu, koma musawasiye, dzaneneni. Mtsikana wa ziphuphu amene msambo wake ukudumphadumpha ndipo akumera tindevu, abwere timuyeze. Oyembekezera, musapake kapena kumwa chilichonse cha ziphuphu musanatifunse. Ndipo mafuta oyeretsa khungu aja, ndanena kale, musadzole.

Amene muli ndi machubu kunyumba, bwerani nawo kuchipatala kapena muwaonetse a APE, alangizi a zaumoyo a m'mudzi muno, tikawerengere limodzi zimene zalembedwapo. Amene mukuchita manyazi kufunsa pagulu, ndikhala pansi pa mtengo uwo kwa kanthawi. A mfumu, ndabweza bwalo kwa inu. Zikomo.