Makalata a omvera: Makatoni a mabuku ndi chiswe

Takulandirani omvera. Sabata ino makalata ambiri achokera kwa alembi, ndiye tisataye nthawi.

Mtsikana wina wa ku Mangochi akufunsa ngati ndakatulo zake zikhalabe zake akaziika pa Facebook. Inde mwanawe, ndi zako kuyambira tsiku lomwe unazilemba. Ukafuna kudziwa zambiri za umwini, ufunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, ku Lilongwe, ntchito yawo ndi yomweyo.

Tsopano iyi yandikhudza. Yachokera kwa bambo wina, mphunzitsi wopuma ntchito ku Ntcheu. Akuti: "Ndinalemba buku la nthano ndi miyambi yomwe ndinkamva kwa agogo anga. Ndinalitumiza ku kampani ina yofalitsa mabuku, chaka chinatha osayankhidwa. Ndinapsa mtima, n'kutenga ndalama za penshoni kukasindikiza ndekha makope 500. Ndagulitsa ochepa chabe, ambiri kwa anzanga a kumpingo, enanso pangongole. Otsalawo ali m'makatoni ndipo chiswe chalowamo. Mayi akunyumba sakundiyang'ana bwino. Pano ndamaliza buku lachiwiri. Ndidzere njira iti?"

Aphunzitsi, pepani ndithu. Koma mayiwo musawadandaule, ndalama ya penshoni ija nawonso ankaiwerengera!

Tiyambe ndi kampani yomwe inakhala chete. Kusayankha n'kulakwa, sindikuwaikira kumbuyo. Komabe dziwani kuti makampani ambiri ofalitsa mabuku kuno amadalira mabuku a kusukulu, aja ovomerezedwa kudzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Buku likalowa pa silabasi, msika ulipo kale. La nthano limafuna kuti wina aike ndalama zake osadziwa ngati zibwerera. N'chifukwa chake amazengereza. Ndipo aliyense ali ndi mbali yake: Kachere ku Zomba komanso Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu amadziwika ndi mabuku a zachipembedzo, mbiri ndi kafukufuku, kuli CLAIM, kuli Dzuka ku Blantyre, kuli Montfort Media ku Balaka. Inu munagogoda khomo limodzi lokha n'kubwerera.

Akakulandirani, iwo ndiwo amalipira mkonzi, wojambula chikuto, osindikiza ndi onyamula mabuku kupita nawo m'masitolo. Inu mumangolandira kagawo, kawirikawiri pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse. N'kochepa, inde, koma penshoni yanu sikhudzidwa.

Mukasindikiza nokha phindu lonse ndi lanu, koma ntchito zonsezi n'zanunso. Apa ndikudzudzuleni pang'ono, aphunzitsi. M'kalatayi simunatchule kuti wina anakuwerengerani bukulo lisanapite ku makina. Inu amene munkachonga makope a ana ndi bolopeni yofiira, anu anachonga ndani? Osindikiza sakonza Chichewa, amangotulutsa zomwe mwawapatsa, zolakwika ndi zomwe. Nanga nambala ya ISBN, ija yozindikiritsa buku, munatenga? Imaperekedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo popanda iyo masitolo ndi malaibulale ena amalikayikira buku.

Maganizo anga ndi awa. Buku lachiwirilo lisungeni kaye. Lembani chidule chake pa tsamba limodzi, muphatikize mitu iwiri kapena itatu, mutumize ku makampani angapo, ndipo muziwaimbira foni. Podikira yankho, tsegulani makatoni aja. Ana omwe munawaphunzitsa ali m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ali pa magulu a WhatsApp, ndipo Mpamba ndi Airtel Money zilipo. Ayendereninso aphunzitsi aakulu a sukulu za m'dera lanu. Zikakanika kumakampani, sindikizani 50 okha. Lililonse likhala lodulirapo, koma chiswe chigona ndi njala.

Chinanso, ndikuuza alembi nonse: kampani ikakuuzani kuti mulipire ndalama zonse nokha koma umwini wa buku ukhale wawo, nyamukani muzipita. Musasaine mgwirizano musanauwerengetse kwa anthu odziwa, ngakhale a Malawi Writers Union.

Makalata ena angapo akubwereza dandaulo limodzi, loti Amalawi sawerenga. Mundikhululukire, koma ili landitopetsa. Inu olembanu, chaka chino mwagula mabuku angati a alembi anzanu? Ambiri mumapita pa mwambo wokhazikitsa buku, kumwa zoziziritsa kukhosi, kujambulitsa chithunzi, kenaka "mundipatseko limodzi laulere". Anthu omwewa amene mukuti sawerenga amachezera pa foni kuwerenga nkhani zazitali pa Facebook. Mwina vuto ndi mtengo, mwinanso ndi loti bukulo silipezeka pomwe iwo ali.

Achimwene a ku Johannesburg akufunsa za kugulitsa buku pa Amazon, sitolo ya pa intaneti. Kuika buku pamenepo n'kwaulere, ndipo pa buku lowerengera pa foni kapena kompyuta amapereka magawo 35 kapena 70 pa 100, malinga ndi mtengo womwe mwaika. Ngati ndi la Chingerezi, yesani. Ngati ndi la Chichewa, yambani mwaganiza kuti azakhali anu ku Dedza akalipira bwanji.

Womaliza, wa ku Kasungu, akuti ndimulembere ine buku la mbiri ya moyo wake, tidzagawana phindu. Bambo, ine ngakhale ndalama ya chiperegani sindinamalize kulipira. Tipume kaye ndi nyimbo.