Makalata a omvera: ana atuluka, kumudzi tikamange nyumba yotani?

Takulandirani nonse amene mukutimvera muno mu Mzuzu, ku Ekwendeni, Nkhata Bay, Rumphi ndi konse kumene mawu athu akufika. Sabata ino makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp achuluka pa nkhani imodzi, ya makolo amene ana akula n'kutuluka pakhomo, ntchito nayo yatha kapena ikutha, nde akufuna akamange nyumba yokakalambiramo kumudzi. Mayina sinditchula monga timachitira nthawi zonse.

Yoyamba yachokera kwa bambo a ku Katoto, mphunzitsi opuma. Akuti: "Ine ndi mayi a kunyumba tatsala awiri, ana onse anayi ali kwawo kwawo, wina ku Lilongwe wina ku Joni. Ndalandira ka penshoni ndipo malo ndili nawo kumudzi kupitirira Ekwendeni. Ndikufuna nyumba ya zipinda zisanu zogona kuti ana ndi zidzukulu akabwera pa Khirisimasi asamasowe pogona, komanso anthu adziwe kuti sindinapite m'tauni kukasewera. Koma mayi akukana, akuti zipinda ziwiri basi. Tikuyambana. Olondola ndani?"

Adada, zikomo polemba, ndipo mundikhululukire chifukwa ndikhala mbali ya amama. Taganizani bwino, anawo pa chaka amabwera masiku angati? Mwina sabata imodzi, mwina ziwiri, ndipo wa ku Joni uja chaka china sabwera n'komwe. Masiku ena onsewo m'nyumbamo mukhala inu awiri, nde ndani azisesa zipinda zisanu, ndani azikolopa, ndani azitsegula mawindo kuti musamanunkhe nkhungu? Ndi amama omwewo, ndipo zaka khumi zikubwerazi msana wawo sudzakhala ngati wa lero. Chipinda chotsekedwa miyezi khumi ndi umodzi kwathu kuno kumene mvula imatalika mpaka April ndi kupitirira, mukadzatsegula mudzapeza makoma ada, matilesi anyowa, chiswe chalowa mu felemu ya chitseko inu osadziwa.

Komanso penshoni ndi ndalama yobwera kamodzi. Tonse tinaona zimene zinachitika mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo ndipo anthu ambiri amene anayamba zinyumba zikuluzikulu anaimira pa windo. Yendani mumsewu wa M1 muwerenge nokha makoma opanda denga amene mwamera udzu m'kati. Zimandipweteka mtima chifukwa ambiri mwa eni ake ndi anthu ngati inu amene anagwira ntchito moyo wonse mokhulupirika. Ine ndikufuna inu mulowe m'nyumba yotha, ya denga, ya zitseko, ndalama ina itatsala ya feteleza ndi ya mankhwala.

Nde chitani chonchi, zipinda zogona ziwiri kapena zitatu zikakwana, koma chanucho chikhale chachikulu bwino, bafa ndi chimbudzi zili m'kati momwemo kapena pafupi penipeni, chifukwa munthu wa zaka 75 kumatuluka usiku mu June kuzizira kwa kuno kupita kuchimbudzi cha kuseri, pamatope, ndi mmene anthu amathyokera chiuno. Cha panja chikhalepo cha alendo ndi cha masiku amene madzi avuta. Masitepe ayi, nyumba ikhale pa levulo imodzi, ndipo ngati malo anu ndi otsetsereka monga zilili malo ambiri kuno, polowera pakhale potsetsereka pang'onopang'ono komanso chitsulo chogwira. Zitseko muwauze amisiri zikhale zotambalala masentimita 90 kuti tsiku lina njinga ya olumala kapena machira zizitha kudutsa, sikuti ndikukulosererani zoipa ayi koma ukalamba umabwera ndi zake. Matailosi onyezimira aja amaoneka bwino mu shopu koma akanyowa ndi oterera koopsa, ku bafa ikani okhakhala. Ndalama imene mukanamangira zipinda zina zija muiike pa khonde lalikulu, chifukwa kumudzi moyo uli pakhonde, alendo a ku tchalitchi mudzawalandirira pomwepo, chimanga mudzatongolera pomwepo, komanso khonde limatchinga khoma ku mvula yowomba cham'mbali. Ana akafuna pogona, asiyireni malo pambali adzamange kanyumba kawo ndi ndalama zawo, akuluakulu amenewo. Zoti anthu adziwe kuti simunasewere m'tauni, adziwa kale, munaphunzitsa ana awo.

Chinanso musanakumbe fawundeshoni, kayendeni msewu wa kumudziko mu February osati mu September. Galimoto imafika? Mukadwala usiku, kuchipatala cha mishoni ku Ekwendeni mungafike mu nthawi yotani, nanga akakutumizani ku Mzuzu Central? Ngati malo a makolo ali kutsidya la mtsinje wopanda mlatho, kambiranani ndi abale akupatseni ena kufupi ndi msewu.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Chibavi, ndipo iyi ndinaiwerenga kawiri. Akuti: "Ine kwathu ndi ku Thyolo, ndinakwatiwa kuno zaka zambiri zapitazo. Bambo akufuna timange kwawo ku Mzimba ndipo ndalama yambiri ichokera ku geni yanga ya kaunjika. Malowo ndi a banja lawo, palibe pepala lililonse. Ndikuopa kuti iwo akadzatsogola alamu adzandithamangitsa. Ndikawauza akuti ndikuwafunira imfa."

Amama, mantha anuwa ndi oona ndipo musachite nawo manyazi. Kuno kumpoto mkazi amapita kwa mwamuna ndipo malo amayenda mbali ya kuchimuna, mabanja ambiri amasunga bwino mlamu wawo wamasiye koma ena ayi, nkhani zotere timazimva. Lamulo lilipo, la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu ndipo limateteza mkazi ndi ana. Koma kukamenyera ufulu wanu ku khoti muli pa maliro, muli okalamba, kwanu kuli kutali, si chinthu chimene ndingakufunireni. Bwino kukonza pano nonse muli moyo.

Simenti isanagulidwe, pakhale nkhumano ya banja, abale a bambo onse, a mfumu alipo, malire aonetsedwe ndipo zilembedwe kuti malo awa ndi a bambo uje ndi mkazi wawo, onse asayine. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere kudzera ku komiti ya malo ya m'mudzi imene wapampando wake ndi gulupu, ndipo mutha kulembetsa m'mayina a anthu awiri. Pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya M'mbelwa mukafunse mmene zikuyendera m'dera lanulo. Malisiti a malata, simenti, mawindo, sungani ndipo ena akhale m'dzina lanu. Kenako wilo, yolembedwa, yosayinidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu pa chumacho. Kwa adada amene ndikukhulupirira akumvera nawo, kulemba wilo sikuitana imfa, mayiwa akulerani ana, asiya kwawo chifukwa cha inu, apatseni mtendere wa mumtima. Akakanitsitsa zonsezi amama, ndalama ya geni yanu musaiike pamenepo, ganizirani zogula puloti yanuyanu pa trading centre ya pafupi ndi kwawoko, mudzikhalabe pafupi ndi abale koma pa malo a dzina lanu.

Uthenga wina waufupi, bambo a ku Luwinga akufunsa kuti, "Njerwa zootcha kapena mabuloko? Ndamva kuti zootcha analetsa. Komanso nyumba ya mchimwene wanga makoma amanyowa pansi mpaka penti kusupuka, chimachititsa n'chani?"

Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha makamaka pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, chifukwa cha mitengo imene uvuni umadya. Koma ngakhale pa nyumba yanu ganizirani mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pa makina zija amati SSB, zimatuluka zofanana ndiye matope omangira ndi pulasitala sizilowa zambiri, ndipo dothi limachokera pamalo pomwepo. Chenjerani ndi mabuloko oumbidwa dzulo kapena onyenyeka mukakanda ndi chala, amenewo anaumira simenti. Za kunyowazo, kawirikawiri n'chifukwa choti sanaike pulasitiki yakuda ija ya DPC pamwamba pa fawundeshoni, nde khoma limayamwa madzi kuchokera pansi. Ndi yotchipa poyerekeza ndi nyumba yonse koma amisiri ena amaidumpha mwini akapanda kuyang'ana. Fawundeshoni ikwere ndithu kuchoka pa dothi, mankhwala a chiswe athiridwe silabu isanatsanulidwe, silabuyo izithiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, malata atuluke bwino kunja kwa khoma, ndipo kumtunda kwa nyumba mukumbe ngalande yopatutsa madzi. Ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma, musaisiye ngakhale ndalama itavuta, chivomezi cha ku Karonga cha mu December 2009 chinatikumbutsa kuti dera lathu lino nthaka imagwedezeka. Ndipo musadule phiri n'kumanga m'munsi mwa pamene mwadulapo, anthu a muno mu Mzuzu tikudziwa zimene mvula ya mu April imachita ku nyumba zotere. Matabwa a denga, kaya ndi a ku Chikangawa, akhale ouma ndi opakidwa mankhwala.

Yomaliza yachokera kwa mtsikana amene ali ku Johannesburg. Akuti: "Ndikumangira makolo anga nyumba ku Nkhata Bay, ndimatumiza ndalama mwezi ndi mwezi kwa wachibale amene akuyang'anira koma zithunzi zimene amanditumizira sizikusintha. Komanso kumeneko magetsi kulibe, mjigo uli patali, amayi miyendo imawavuta."

Achemwali, Mulungu akudalitseni pokumbukira makolo. Kuyambira lero siyani kutumiza ndalama ya mwezi, muzilipira ntchito yooneka. Mmisiri alembe pepala kuti fawundeshoni ndi zakuti, kufika pa windo zakuti, ring beam zakuti, denga zakuti, ndipo gawo lililonse mulipire likatha, mutaona pa foni ya vidiyo wina wake akuyenda kuzungulira nyumbayo. Zipangizo lipirani mwachindunji ku hadiweya, makolo anu ndi amene azisayinira zikafika ndi kusunga kiyi wa mosungiramo. Wachibaleyo musamunyoze pagulu, ingomuuzani kuti mwasintha kachitidwe, ndipo ngati azithandizabe muzimupatsa kangachepe kake kodziwika.

Za madzi, Nkhata Bay ndi dera la mvula yambiri ndiye denga lomwelo likhale chitsime cha amayi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya malata ndi lita imodzi, kutanthauza kuti denga la masikweya mita 80 pa mvula ya mamilimita 20 yokha likupatsani malita pafupifupi 1,600. Ikani ma gutter, ngalande zolandira madzi m'mphepete mwa denga, ndi thanki yotseka bwino pamwamba kuti udzudzu usaswane, ikhale pa chiunda kuti madzi azitsika okha kupita ku mpopi wa kukhitchini ndi kubafa, mvula yoyamba muziitaya kaye itsuke fumbi, ndipo akumwa aziwiritsa kapena kuthira klorini. Mukadzakumba chitsime chikhale kumtunda kwa chimbudzi, mamita osachepera 30. Magetsi, musadikire ESCOM kapena MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, kuti afike, kasola ka mababu, wailesi ndi kutchaja foni n'kokwanira poyamba, koma mapaipi a mawaya aikiretu m'makoma pomanga kuti magetsi akadzafika musadzagumule pulasitala. Khitchini ya nkhuni ilumikizane ndi nyumba ndi kadenga kuti amayi asamanyowe, ndipo muwaumbitsire mbaula ya changu changu moto imene kwanuko ambiri akuidziwa, imadya tinkhuni tochepa ndipo utsi umachepa.

Musanatumize ndalama ina, imbirani amayi anuwo panokha, wachibale uja palibe, muwafunse mmene nyumbayo ilili komanso chimene iwowo akufuna chikhalemo. Nthawi yatithera, makalata a mitengo ya malata ndi mageji ake tidzawerenga sabata ya mawa.