Makalata a Omvera: Ntchito Ikatheka, Ayamikidwe Ndani?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake, ndipo akuti: "Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina. Mwezi watha tinakhala milungu itatu tikuweruka usiku kuti timalize malipoti a kumapeto kwa chaka. Titamaliza, abwana athu analembera akuluakulu a kampani kalata yosonyeza ngati ntchito yonse anaigwira okha, osatchula ngakhale mmodzi wa ife. Tsopano anzanga akangoona kuti nthawi yoweruka yakwana amazimitsa makompyuta n'kunyamuka, ngakhale ntchito itatsala pang'ono. Kodi ndikulakwa kuwawidwa mtima, popeza malipiro anga ndinalandira?"

Mayi, simukulakwa ngakhale pang'ono. M'chaka cha 1959, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Frederick Herzberg, anafalitsa zimene iye ndi anzake anapeza atafunsa anthu pafupifupi 200 a mumzinda wa Pittsburgh, omwe anali mainjiniya ndi owerengera ndalama ngati inu. Anapeza kuti malipiro akachepa munthu amadandaula, koma chimene anthuwo ankachitchula kawirikawiri pofotokoza nthawi imene anasangalala kwambiri pantchito chinali kukwanitsa chinthu chovuta ndiponso kuyamikiridwa chifukwa cha chinthucho. Choncho malipiro amene munalandira sangalowe m'malo mwa mawu amene simunamve.

Zimene anzanu akuchitazo nazonso zili ndi chifukwa chake. Max Ringelmann wa ku France anasonyeza mu 1913 kuti anthu okoka chingwe akamachuluka, mphamvu imene aliyense amaikapo imachepa, ndipo ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti munthu amafooka makamaka akadziwa kuti palibe amene aone gawo lake. Kalata ya abwana anu inauza gulu lonse kuti gawo la munthu silioneka. Ine ndikuti mupite mukakambirane nawo panokha, mwaulemu, mutalemba papepala amene anachita chiyani, monga uja anatulukira nambala yolakwika usiku wina ena onse atatopa, ndipo muwapemphe kuti adzatchule zimenezi pamsonkhano wotsatira. Abwana ambiri sachita zotere chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa chakuti maso awo amakhala kwa amene ali pamwamba pawo.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina amene amayang'anira anthu 12 pamalo okonzera magalimoto. Iwo akufunsa kuti: "Anyamata anga anamaliza ntchito yaikulu tsiku lake lisanakwane, koma ndalama zochitira phwando tilibe. Komanso ndimaopa kuti ndikawayamikira ayamba kudzimva n'kuchita ulesi."

Bambo, mantha anuwo ndawamva, koma chimene chimawononga anthu ndi kuyamikira kwachisawawa, kouza aliyense kuti wachita bwino popanda kunena chimene wachita. Phwando silofunika. Asonkhanitseni kwa mphindi khumi sabata yomwe ino, ntchitoyo isanaiwalike, ndipo munene poyera kuti uyu ndiye anapeza vuto la injini limene linatisowetsa mtendere masiku awiri, uyu ndiye anatsalira kuthandiza mnzake. Musaiwale amene amasunga zipangizo ndi amene amasesa, chifukwa makaniko sangafulumire ngati sipanala imene akuifuna sikupezeka. Pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda pamwezi mu 1969, anthu pafupifupi 400,000 anali atagwira nawo ntchito yokonzekera ulendowo, kuphatikizapo amayi amene anasoka zovala zimene awiriwo anavala, ngakhale kuti dziko linaloweza mayina ochepa chabe.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse: ngati anyamatawo anagwira maola owonjezera, alipireni kaye zimene akuyenera kulandira, chifukwa mawu okoma onenedwa ndi munthu amene ali nawe ngongole amawawa m'malo mosangalatsa. Mukatero, mudzatilemberenso kutiuza mmene msonkhanowo unayendera, ndipo kalata yanuyo tidzaiwerenga pa pulogalamu ino.