Kaduwa kamene kamera pakhomo panu

Achemwali, mwaswera bwanji ku Leeds, ku England kumeneko? Chithunzi chija munatumiza pofunsa za kaduwa kamene kamera pakhomo panu ndachiona. Chonde musakazule kaduwako, si udzu ayi, anadzala ndi amene ankakhala m'nyumbamo kale.

Mawa dzuwa likawala mupite mukakayang'ane bwino, chifukwa kaduwako kamakhala kotseka kukakhala mitambo. Muwerenge timasamba ta duwalo, tipezeka 6. Kenako muwerenge timitengo ta m'kati tonyamula ufa wachikasu tija. Tikakhala 3, ndi crocus. Tikakhala 6, duwalo n'kukhala lachikasu pakati, loyera kunsonga, maluwa angapo paphesi limodzi lalifupi, imeneyo ndi Tulipa tarda. Ndi tulip yam'tchire, kwawo ndi kumapiri a Tien Shan ku Central Asia. Koma mukaona loyera lokhala ndi mzere wobiriwira kunja, masamba ake ali ndi kamzere koyera pakati, ndi Ornithogalum, ndipo ameneyo amafalikira msanga, mumuyang'anire.

Ikakhala tarda, mwachita mwayi. Matulip akuluakulu am'sitolo aja ambiri amakongola chaka choyamba, kenako amayamba kufooka. Tating'onoti timabwerera chaka ndi chaka, n'kumaswana tokha.

Tsono mumvetsere apa. Maluwa akafota, masamba musawadule, musawamange. Asiyeni masabata 6 kapena kuposa, mpaka achite chikasu n'kuuma okha, chifukwa ndi amene amadyetsa anyezi wake, kachinthu konga anyezi kamene kali m'dothi pansipo. Akauma, osathirira. Kwawoko nthawi yotentha kumakhala kouma, ndiye chinyontho chimaoletsa anyeziyo.

Mukafuna kuwonjezera, mugule anyezi wake mudzale mu Novembala. Mungatengenso Tulipa turkestanica, yoyera, imayamba kuchita maluwa mu Malichi. Musankhe malo owomba dzuwa bwino. Dzenje likhale lakuya masentimita 10, kunsonga kuyang'ane kumwamba. Dothi lanu likakhala lamakande losunga madzi, mulisakanize ndi timiyala ting'onoting'ono tambiri ndithu, osaumira. Apo ayi, dzalani mumphika wobowola pansi, muuike poti mvula yam'chilimwe isamaufike.

Agologolo kumeneko ndi ovuta, amafukula zimene mwangodzala kumene. Muyale waya wankhuku pamwamba mpaka mbewu zitamera. China, anyezi ameneyu sadyedwa, ali ndi poizoni. Musamusunge kukhitchini, ndipo ana ndi kagalu kaja asamufike.

Mukawerenga timitengoto mundiuze. Mujambulenso masamba ake pafupi munditumizire.