Kugona m'tenti ku Morro Bay: malo amene madzi amalamula tsiku lanu

Takulandirani nonse amene mukuonera. Lero tikupita ku gombe la California, m'dziko la America, pafupifupi pakatikati pa mizinda ya Los Angeles ndi San Francisco, komwe kuli paki yotchedwa Morro Bay State Park. Kuchokera ku mzinda uliwonse mwa iwiriyi, ulendo wa pagalimoto umatenga maola pafupifupi 4, ndipo mzinda umene uli pafupi ndi San Luis Obispo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Pakiyi imayendetsedwa ndi boma la California lenilenilo, osati boma lalikulu la ku Washington, n'chifukwa chake malamulo ake ndi njira yosungitsira malo n'zosiyana ndi za mapaki ngati Yosemite.

Mfundo imene tikufuna kuti muigwire ndi yakuti munthu amene wamanga tenti pano sadalira wotchi yokha. Madzi ndiwo amamuuza nthawi yoyenda ndi yobwerera, amamuuzanso zovala zoti anyamule, ndipo malamulo ambiri a pakiyi amamveka bwino pokhapokha munthu atadziwa zimene zimakhala m'madzimo.

(Pa chithunzi: Morro Bay kuchokera m'mwamba, mchenga wautali ndi thanthwe lalikulu.)

Taonani kaye mmene malowa alili. Nyanja yamchere ya Pacific inalowa m'kati mwa mtunda, koma mzere wa mchenga wotalika makilomita pafupifupi 6 unatchinga mafunde akuluakulu, n'kusiya khomo lopapatiza chakumpoto. Kuseri kwa mchengawo kuli madzi odekha ndi osaya okwana maekala pafupifupi 2,300, ndipo mitsinje iwiri, Chorro Creek ndi Los Osos Creek, imathiramo madzi opanda mchere. Pamene madzi a mitundu iwiriyi akumana pamamera udzu, pamaswana nsomba ndi nkhanu, ndipo mbalame zimapeza chakudya chochuluka. Mu 1995 malowa analowetsedwa m'gulu la mathiriro a mitsinje amene boma la America limawasamalira mwapadera.

Pakhomo paja pali Morro Rock, thanthwe lotalika mamita pafupifupi 175, limene linatsala pamene chiphalaphala chinauma pakhosi pa phiri lophulika zaka zoposa 20 miliyoni zapitazo. Ndi limodzi mwa mapiri 9 ondandalikana kukafika ku San Luis Obispo, amene anthu amawatcha Nine Sisters. Dzina lake limalumikizidwa ndi Juan Rodríguez Cabrillo, woyendetsa zombo wochokera ku Ulaya amene anadutsa pa gombeli mu 1542, koma anthu a mitundu ya Chumash ndi Salinan analipo kale kwa zaka masauzande, ndipo mpaka lero amaliona ngati malo opatulika. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka m'ma 1960, thanthweli linkaphwanyidwa kuti papezeke miyala yomangira zotchinga mafunde. Masiku ano mlendo saloledwa kulikwera, chifukwa pamaswana akabawi a mtundu wa peregrine komanso miyala yake imagumuka. Tikukupemphani kuti lamuloli mulilemekeze ndi mtima wonse, pakuti thanthweli linavulazidwa kale mokwanira.

Malo omangapo matenti sali pamchenga wa nyanja yaikulu ayi. Ali pansi pa mitengo, kutsidya kwa msewu wa State Park Road, moyang'anana ndi doko laling'ono la mabwato. Anyamata a bungwe la Civilian Conservation Corps, limene Pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa mu 1933 pofuna kupatsa achinyamata ntchito pa nthawi ya umphawi wadzaoneni, ndiwo analambula ndi kumanga malowa m'zaka za m'ma 1930, ndipo zina zimene anamanga ndi miyala zikadalipo. Pali malo opitirira 100. Aliwonse ali ndi tebulo ndi posonkhera moto, ena ochepa ali ndi magetsi ndi madzi olumikizira magalimoto ogonamo, ndipo zimbudzi ndi mabafa ndi za onse, ngakhale kuti madzi otentha osamba amalipiridwa padera. Amene akufuna kugona pafupi kwenikweni ndi mafunde angasankhe Morro Strand State Beach chakumpoto, koma adziwe kuti kumeneko mphepo ilibe choitchinga.

Malo amasungitsidwa pa intaneti kudzera pa ReserveCalifornia, ndipo zimatheka kuyambira miyezi 6 tsiku lisanafike. Masiku a Loweruka ndi Lamlungu a m'chilimwe cha kumeneko (Juni mpaka Ogasiti) amatha msanga, kotero kuti munthu wodikira mpaka sabata yomaliza kawirikawiri sapeza kanthu. Malo amodzi amalola anthu osapitirira 8, ndipo nthawi yolowera ndi 2 koloko masana.

(Pa chithunzi: doko madzi atadzaza, kenako malo omwewo madzi ataphwa.)

Tsopano tifike pa nkhani yaikulu. Amene munazolowera nyanja ya Malawi mukudziwa kuti madzi amakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula, moti bwato limene mwalisiya m'mawa mumalipeza likuyandama pomwepo madzulo. Ku Morro Bay si choncho. Chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kudzaza kuwiriko sikufanana, kwina kumakhala kwakukulu kuposa kunzake. Kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumatha kupitirira mita imodzi ndi theka, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene. Popeza madzi a m'katimu ndi osaya, akaphwa amasiya dera lalikulu la matope, n'kutsala timifuleni tokha.

Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Munthu amabwereka kabwato kopepuka kopalasa kotchedwa kayak padoko, amapalasa kulowera kum'mwera madzi ali ambiri, ndipo akamati abwerere amapeza kuti bwato lakhala pamatope. Matopewo ndi ofewa ndi akuya, moti kutsika n'kuyamba kuyenda kumangowonjezera vuto, ndipo nthawi zambiri chimene chatsala ndi kudikira maola angapo mpaka madzi abwerere. Njira yopewera ndi yosavuta. Musanagone, onani ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi, imene NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, limasindikiza pa intaneti ndipo obwereketsa mabwato amakhala nayo. Nyamukani madzi akukwera, ndipo mubwerere asanatsike kwambiri. Kumbukiraninso kuti nthawi zimenezi zimachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho zimene zinakuyenderani bwino Lachisanu sizingafanane ndi za Lolemba. M'mawa ndiye nthawi yabwino yopalasa, chifukwa masana kumawomba mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo. Khomo lotulukira ku nyanja yaikulu ndi loopsa ngakhale kwa asodzi odziwa ntchito yawo, ndipo mlendo wa pa kayak asayandikireko n'komwe.

Madzi omwewa ndiwo amalamulanso nyengo. Miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti ndi yotentha m'kati mwa California, koma pagombe pano mphepo imakankhira madzi a pamwamba kutali, ndipo madzi ozizira a pansi amakwera m'malo mwake. Mpweya wachinyezi ukadutsa pamwamba pa madzi ozizirawo umasanduka chifunga, chimene chimatha kuphimba thanthwe lonse mpaka masana. Kutentha kwa masana nthawi zambiri kumangozungulira madigiri 20, ndipo usiku kumazizira ndithu. Choncho nyamulani juzi, chipewa, chofunda chokhuthala ndi chinsalu chotchinga pamwamba pa tenti, pakuti chifunga chimasonkhana m'masamba n'kumadontha usiku wonse ngakhale mvula isanagwe. Ife tikuona kuti Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yabwino koposa, chifukwa kumwamba kumayera kawirikawiri, ana amakhala atabwerera kusukulu, ndipo mvula ya m'nyengo yozizira imakhala isanayambe.

(Pa chithunzi: akatumbu akuyandama chagada pafupi ndi Morro Rock.)

Nyama imene aliyense amafuna kuiona ndi katumbu wa m'nyanja. Alenje ofuna ubweya anatsala pang'ono kuwamaliza, mpaka anthu ankaganiza kuti ku California anatheratu, koma mu 1938 kunadziwika kagulu kakang'ono kamene kanapulumuka ku Big Sur, dera la gombe limene lili kumpoto kwa Morro Bay. Lero alipo pafupifupi 3,000, ndipo kuyambira 1977 ali pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi. Katumbuyu alibe mafuta ochindikala pansi pa khungu monga nyama zina za m'nyanja. Amadalira ubweya wake wothithikana ndi chakudya, ndipo tsiku lililonse ayenera kudya chakudya cholemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a thupi lake. Mukamuona akugona pamadzi, dziwani kuti akusunga mphamvu zimene wazipeza movutikira, ndipo bwato likamudzidzimutsa n'kumira, mphamvuzo zimatayika pachabe. Kwa mayi woyamwitsa, kutayika kotereku kukachitika kambirimbiri kumaika moyo wake ndi wa mwana pachiswe. N'chifukwa chake opalasa amalangizidwa kusiya mpata wotalika ngati mabwato a kayak 5, ndipo lamulo la mu 1972 loteteza nyama zoyamwitsa za m'nyanja limaletsa kuzisokoneza. Katumbu akadzutsa mutu n'kukuyang'anani, ndiye kuti mwayandikira kale mopitirira.

Pansi pa madzi amene mukupalasawo pali udzu wotchedwa eelgrass, umene umagwira matope, umayeretsa madzi, ndipo tinsomba timabisalamo. Pakati pa 2007 ndi 2016 udzuwu unachepa ndi magawo oposa 90 pa 100 aliwonse. Anthu anagwira ntchito yowokera wina ndi manja, ndipo m'zaka zotsatira unabwereranso mochititsa chidwi. Mukaona timasamba tobiriwira tikugwedezeka pansi pa bwato, musakankhe pansi ndi nkhafi ndipo musakokere bwato pamenepo.

Mitengo yambiri imene imapereka mthunzi pamsasa ndi bulugamu, wochokera ku Australia monga yemwe timamudziwa kwathu kuno. Ngakhale ndi wobwera, zamoyo zina zinamuzolowera. Chakumpoto kwa nyumba yosungiramo zachilengedwe ya m'pakiyi, imene inatsegulidwa mu 1962, kuli nkhalango ya bulugamu yotetezedwa, mmene akakowa, mphipi ndi mbalame zazikulu zotuwa za miyendo yaitali zimamanga zisa kuyambira chakumapeto kwa nyengo yozizira. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, agulugufe a mtundu wa monarch amabwera kudzathawa chisanu cha kumtunda, n'kumalendewera m'magulu panthambi. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 13 satha kuuluka, choncho amene wagwa pansi m'mawa angathe kupondedwa mosavuta. M'zaka za m'ma 1980 agulugufe amenewa ankafika mamiliyoni pa gombe la California, koma pa kalembera wa mu 2020 anapezeka osakwana 2,000. Chiwerengerocho chinakwerako pambuyo pake, komabe sichinayandikire cha kale, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana wobadwa lero mwina sadzaona mitengo yodzaza ngati mmene agogo ake anaionera.

Malamulo a pamsasa akuchokera pa zomwezi. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi nthawi yachete, ndipo majenereta amaloledwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 8 koloko madzulo basi. Galu ayenera kukhala pachingwe chosapitirira mamita 2, ndipo usiku agone m'tenti kapena m'galimoto. Kutola nkhuni m'paki n'koletsedwa, chifukwa mtengo wowola umabwezera chonde m'nthaka, ndipo kubwera ndi nkhuni zochokera kutali kumafalitsa tizilombo topha mitengo, choncho gulani nkhuni pomwepo. Chakudya chitsekeredwe bwino, popeza nyama zotchedwa raccoon zimayenda usiku ndipo zimatha kutsegula zivindikiro. Madzi otsukira mbale asatayidwe pena paliponse, pakuti malo onsewa ndi otsetserekera ku madzi aja mmene muli akatumbu, ndipo m'madzi momwemo alimi amaweta nkhono za oyster zimene anthu amadya.

Madzi akaphwa ndipo simungapalase, musataye tsiku. Imeneyo ndiyo nthawi imene mbalame zambirimbiri zimatera pamatope kudzadya, ndipo kanjira ka matabwa koyambira padoko kamakufikitsani pafupi nazo popanda kuponda dambo. Mungathenso kukwera Black Hill, kaphiri kotalika mamita pafupifupi 200 kamene kali kuseri kwa msasa, kupyola bwalo la gofu. Pamwamba pake mumaona mchenga wonse, thanthwe, ndi machumuni 3 a fakitale ya magetsi imene inatsekedwa mu 2014. Yendani m'kanjira mokhamokha, chifukwa m'mbali mumamera poison oak, chitsamba cha masamba atatuatatu chimene chimatulutsa zidzolo zoyabwa kwa masiku ambiri.

Pali chenjezo lina limene sitingalisiye. Madera otsika a gombeli ali pamalo amene mafunde a tsunami, amene ndi mafunde aakulu obwera chifukwa cha chivomerezi, angafike, ndipo m'misewu muli zikwangwani zolozera kothawira. Tsiku lofika, onani njira yokwerera kumtunda. Mukamva chivomerezi champhamvu, musadikire uthenga wa pafoni, nyamukani nthawi yomweyo wapansi kulowera kumalo okwera.

Tsiku lonyamuka muyenera kukhala mutachoka pofika 12 koloko masana, moto mutauzimitsa ndi madzi mpaka phulusa litazizira. Ngati tenti yanyowa ndi chifunga, mukaiyanike mukangofika kunyumba kuti isachite nkhungu. Ndipo ngati mukufuna kupitirira kumpoto pa msewu wa Highway 1 kulowera ku Big Sur, yambani mwaona zimene nthambi ya misewu ya Caltrans yalengeza, chifukwa mapiri akumeneko amagumuka kawirikawiri ndipo msewuwo umatha kutsekedwa kwa miyezi yambiri. Zikomo kwambiri chifukwa choonera.