Shafuti ya silasha ikapindika, yambani ndi kuyeza

Moni nonse omvera, makamaka inu abambo oyendetsa mathirakitala ndi achimwene amene mumawathandiza, kaya muli m'maesiteti a ku Namwera, kaya mumatchetcha m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Monkey Bay. Mvula yatha, udzu wakula, ndipo masilasha, makina otchetchera udzu omangiriridwa kumbuyo kwa thirakitala, atuluka m'mashedi. Lero tikambirana za shafuti imene imatenga mphamvu kumbuyo kwa thirakitala, pa PTO, kachitsulo kozungulira kotulukira kumbuyoko, n'kuipititsa ku giyabokosi ya silasha, ndiponso zoyenera kuchita ikapindika.

Mumaidziwa shafuti yopindika ndi kunjenjemera kumene mumakumva pampando mukangolowetsa PTO. Mukamva zimenezo imani pomwepo, tsitsani silasha pansi, chotsani PTO, zimitsani injini ndipo kiyi muike m'thumba mwanu. Ndibwereze za kiyi: muike m'thumba mwanu, osamusiya pamene mnzanu angamufike. Shafuti imeneyi imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi, kutanthauza ka 9 pa sekondi, ndipo ikakola malaya kapena chitenje, palibe munthu amene ali ndi changu chokwanira kuti adzipulumutse.

Shafutiyi ili ndi mapaipi awiri olowetsana, ina m'kati mwa inzake. Mukaichotsa, musolole mbali ziwirizo... ayi, ndibwerere pang'ono. Musanasolole, tengani choko mulembe mzere umodzi wodutsa pa mapaipi onse awiri ndi pa mphanda za kumapeto, zimene zimagwira kolosi, kachitsulo konga mtanda kamene kamalumikiza mphanda ziwiri. Mphanda ziwiri za m'kati ziyenera kukhala pamzere umodzi, makutu ake atayang'ana kofanana. Zikasemphana, shafuti imagwedezeka ngakhale ili yowongoka bwinobwino, ndipo mudzavutika kufunafuna kupindika kumene kulibe. Mwalemba mzere, tsopano sololani, muvule chophimba cha pulasitiki, mupukute girisi yakale.

Goneka, pepani, gonekani paipi imodzi pa matabwa awiri osemedwa kampata, kuti izitha kuzungulira, ndipo muizungulitse pang'onopang'ono mutagwira choko pafupi nayo osasuntha dzanja. Pamene choko chikukhudza poyamba ndi pamene pali msana wa kupindikako. Apa m'pamene muyenera kuweruza mosadzinyenga. Ngati paipi yangokhota pang'ono ngati uta, ikhoza kuwongoka. Koma ngati yapinda pamalo amodzi n'kufwanyika, ngati yapotoka, kapena ngati mukuona mng'alu ngakhale waung'ono, imeneyo yatha ntchito, ndipo chofunika ndi paipi yatsopano ya maonekedwe omwewo, chifukwa zina ndi za ngodya zitatu pamene zina zili ndi mizere iwiri yotukuka m'mbali. Mukapita kokagula, nyamulani chidutswa cha yakaleyo.

Yokhota pang'onoyo muiwongole ili yozizira, pa pulesi kapena ndi jeke yoikidwa m'felemu yolimba, mutaichirikiza mbali zonse ziwiri ndipo msana uja utayang'ana kumene mphamvu ikuchokera. Paipiyi ndi yamphako, choncho pakati pa jeke ndi chitsulo muikepo thabwa lolimba kuti isaphwatalale. Kanikizani pang'ono, masulani, zungulitsani ndi choko, kenaka mubwereze. Musaimenye ndi hamala, ndipo musaiotche. Alipo bambo ena cha ku Chilipa amene tinawauza zimenezi, koma iwo anati alibe nthawi, ndipo anapita nayo kwa wowotcherera amene anaifiiritsa ndi moto n'kuimenya mpaka inaoneka yowongoka. Inaonekadi yowongoka, koma chitsulo chinali chitafewa pamalo otenthedwawo, ndipo mapaipi sankalowanso mwa wina ndi mnzake. Anawakakamiza ndi hamala. Pamene silasha inagunda chulu, shafuti inalephera kufupika, mphamvu yonse inakankhira giyabokosi, ndipo m'malo mogula paipi imodzi anagula mabeya ndi masilo. Choncho muyeso wake ndi uwu: paipi ya m'kati iyenera kulowa ndi kutuluka mpaka kumapeto ndi manja okha. Ikamakakamira penapake, ntchito sinathe.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna kuti tichedwepo, chifukwa ndi imene ndaona ikubweza anthu kugalaja kawirikawiri. Shafuti siipindika yokha. Nthawi zambiri imakhala kuti ndi yaitali kuposa malo ake, makamaka ngati silasha mwabwereka kwa mnzanu kapena mwaisamutsira ku thirakitala ina. Mtunda wochokera pa PTO kufika pa giyabokosi umasintha mukakweza silasha, mukaitsitsa, ndiponso mukamawoloka ngalande. Mtundawo ukafupika mapaipi atalowa kale mpaka kumapeto, alibe kothawira, ndiye amapindika. Mukawongola popanda kuyeza, idzapindikanso pa ngalande yomweyo.

Kuyeza kwake n'kotere. Mangirirani silasha ku mikono itatu ya thirakitala, shafuti isanaikidwe. Kwezani pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene nsonga ya PTO ili pafupi kwambiri ndi nsonga ya giyabokosi, ndipo kawirikawiri pamakhala pamene ziwirizi zafika pa msinkhu umodzi. Zimitsani injini, muchirikize silasha ndi zipika kuti isakugwereni. Kenaka mbali imodzi ya shafuti muiike ku thirakitala, ina ku silasha, osazilowetsana. Mwina apa ena ndakutayani, ndinenenso. Simukuzilowetsana ayi, mukuzigwira moyandikana, ina pambali pa inzake, kuti muone ndi maso pamene nsonga ya paipi iliyonse ikufika. Nsonga iliyonse iyenera kutsala ndi mpata wa masentimita osachepera awiri ndi theka isanagunde mphanda ya mbali inayo. Ngati ikugunda kapena kupitirira, lembani utali wofunika kuchotsa.

Utali umene mwalembawo muudule pa mapaipi onse awiri mofanana, ndiponso pa zophimba zonse ziwiri. Ambiri amadula paipi yakunja yokha, n'kuiwala kuti ya m'kati nayonso imagunda kumapeto. Onse awiri, mofanana. Koma musanagwire sowo, yezaninso mbali ina ya nkhaniyi, pamene mtunda watalika kwambiri, chifukwa pamenepo mapaipi ayenera kukhalabe atalowana gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake, kapena kuposa apo. Mukadula mopitirira, shafuti idzasololoka ili mkati mozungulira, ndipo mbali yotsala ku thirakitala idzakwapula chilichonse chimene chili pafupi. Chitsulo chodulidwa sichibwerera, choncho yezani kawiri. Mukadula, palani m'mphepete ndi tupa, muchotse tizitsulo tonse, mupake girisi pa paipi ya m'kati.

Ndinatsala pang'ono kudumpha chinthu china. Silasha ili m'mwamba choncho, yang'anani ngati shafuti siikhudza m'mphepete mwa kutsogolo kwa silashayo, ndipo ikatsika muone ngati siigunda drawbar, chitsulo chokokera ngolo cha kumbuyo kwa thirakitala. Mukapeza pamene penti yapalika kapena chophimba chang'ambika mozungulira, pamenepo ndi pamene imagunda. Drawbar muichotse kapena muikankhire pambali, ndipo ikani malire pa chokwezera kuti silasha isamakwere mopitirira.

Muonenso bawuti imene ili pa mphanda ya ku giyabokosi, imene anaipanga kuti iziduka mpeni ukagunda chitsa kapena mwala. Anyamata ena amatopa ndi kuisintha, ndiye amaikamo bawuti yolimba kwambiri kapena chidutswa cha chitsulo cha konkire. Ndinamuonapo wina akunyadira kuti yake siidukanso, ndipo sabata isanathe paipi inali itapotoka. Ikani bawuti ya kukula ndi kulimba kumene opanga silashayo analemba. Ngati yanu ili ndi kilatchi m'malo mwa bawuti, dziwani kuti dzimbiri la m'nyengo ya mvula limaimata, choncho masulani manati a masipuling'i, muilole iterereke pang'ono, kenaka muwabwezere pa muyeso umene anali.

Makolosi muwagwedeze ndi dzanja, ndipo amene akusewera muwasinthe tsopano shafuti ikadali pansi. Muziwapopera girisi pakatha maola asanu ndi atatu a ntchito, makamaka kuno kumene mchenga ndi fumbi zimalowa paliponse. Bwezerani chophimba, mukole matcheni ake kuti chisamazungulire limodzi ndi shafuti, ndipo mukakankha mphanda pa PTO muikokerenso m'mbuyo kuti mutsimikize kuti pini yagwira. Poyesa, aliyense atalikire, inu mukhale pampando, mulowetse PTO injini ili pansi, kenaka muwonjezere moto pang'onopang'ono mpaka pa 540. Ikanjenjemerabe, zimitsani muyambe mwaona mzere wa choko uja ndi mipeni, chifukwa mpeni umodzi ukabenthuka nawonso umagwedeza silasha yonse.