Kadontho ka pafoni si malire a munda

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo. Inu muli padzuwapo senderani kuno kumthunzi.

Za Lachiwiri lapitali mwamva nonse. Mnyamata wafika kuchokera ku Lilongwe, foni kumanja, akuti anansi adya mizere isanu ndi umodzi ya munda wa amalume ake. Khonje wobzala agogo wazulidwa, zikwanje zatuluka, wina wakasokedwa kuchipatala pa Kasungu boma. Chonsecho chifukwa cha kadontho kabuluu kosonyeza pomwe waima pamapu a pafoni! Mundimvetse bwino: kadontho ka pafoni si malire a munda.

Foni imadziwa pomwe mwaima pomvera masetilaiti a GPS, omwe ali kumwamba makilomita pafupifupi 20,000. Ikachita bwino imaphonya ndi mamita atatu kapena asanu. Pansi pa mtengo wa mango kapena m'chigafa, ndiye imasochera kwambiri. Tawerengani: mzere umodzi ndi masentimita 75, ena mumaunga 90 ngakhale timakuletsani chaka ndi chaka. Mamita asanu ndi mizere ingati? Si isanu ndi umodzi yomwe ija? Ine ndinayesapo pakhomo panga. Ndinaima pachitsime osasuntha, kadontho n'kumayenda kokha mpaka kukalowa m'khola la nkhumba.

Sindikuti zida izi n'zachabe, ayi. Kuofesi timagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa QGIS. Anaiyamba Gary Sherman mu 2002. Imasanjikiza mapu ngati mmene mumasanjira fodya pobela: pansi chithunzi chojambula kumwamba, pamwamba pake misewu, kenako mitsinje monga Bua ndi Dwangwa, kenako mijigo ndi masukulu. Ukaifunsa kuti ndi nyumba ziti zili kutali ndi mjigo kuposa theka la kilomita, imakuonetsa. Tikapita nazo ku komiti ya chitukuko, palibe wokana. Ndipo ndi yaulere.

Ee mayi, nenani.

Akuti chaulere chilipo pansi pano? Akuti mwina azungu akufuna minda yathu. Funso labwino, musawaseke. Mayi, chimanga chamakolo mumagula kusitolo? Mumasankha zitsononkho zabwino, kupachika pautsi, kugawirako achemwali anu, iwonso n'kusankha zawo. Mbewu ikuyenda choncho mwini wake ndani? QGIS ili chimodzimodzi. Malangizo onse oyendetsera pulogalamuyi ali poyera, aliyense wodziwa atha kuwawerenga, kukonza polakwika, kugawira mnzake pafulashi popanda mlandu. Wina atabisamo chinyengo, anzake m'maiko ena angachione. Zomwe tajambula zimakhala m'kompyuta mwathu, siziuluka zokha. Imagwira ngakhale netiweki kulibe. Koma pali mapu ena, OpenStreetMap, oyamba mu 2004, omwe aliyense amaikapo zinthu ndipo dziko lonse limaona. Pamenepo ikani mlatho, chigayo, sukulu. Mayina a eni minda, ayi. Ndipo ngakhale pamenepo wina atajambula mzere kuzungulira dimba lanu, silinakhale lake. Kadontho si malire, mzere wa pakompyuta si chikalata.

Ndaona abambo kumbuyoko mwayamba kuyang'ana njinga, ndithamange.

Mukakayikira malire, musazule kanthu, khonje kapena nkhadze. Pitani kwa a nyakwawa. Itanani anansi a mbali zonse, amayinso akhalepo, osati amuna okhaokha monga mumachitira. Yendani malirewo ndi miyendo, mugwirizane, kenako ndiye ajambule. Kulembetsa malo kumadzera ku komiti ya malo ya m'dera la a gulupu, monga linenera lamulo la malo a makolo la 2016. Mukaona achilendo akuzungulira ndi foni, musawagende, afunseni kalata muwaperekeze kwa mfumu. Ndipo mwana wanu akabwera ndi kadontho, muuzeni aime malo amodzi mphindi zisanu aone yekha kakuvina.

Achinyamata ofuna kuona QGIS, Lachisanu masana kusukulu, ndibwera ndi laputopu. Wina abwereke batire ya sola, yanga sichedwa kuzima.